Kuphunzitsa Mwana wa Sitandade 1 Kulemba: Kuchokera Pamchenga Kufika M'kope

Tengani kope la mwana wa Sitandade 2 amene amatamandidwa kuti amalemba bwino. Mupezamo masamba odzaza, deti pamwamba, mutu wodulidwa mzere kunsi, ndi zochonga zofiira mpaka kumapeto. Tsopano fufutani bolodi, mumupatse pepala loyera, mumuuze kuti, "Talemba mawu oti moto." Ana ambiri amayang'ana kubolodi kopanda kanthu kuja, n'kuyang'ananso inu, pensulo ili m'malere. Mwana wotere waphunzira kukopera, koma kulemba sanayambe.

Sindikunyoza mphunzitsi aliyense. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, kalasi ya Sitandade 1 ndi imene imasenza katundu wolemera kuposa ena onse. Boma limafuna ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi, koma ambiri a ife taimapo patsogolo pa ana oposa 100, ena atakhala pasimenti, ena pansi pa mtengo. M'kalasi yotere, kudzaza bolodi n'kunena kuti "koperani" kumabweretsa bata. Vuto lake n'lakuti batalo limabisa ana amene sakudziwa chimene dzanja lawo likujambula.

Malangizo awa ndalembera aphunzitsi anzanga amene mwapatsidwa Sitandade 1 koyamba, komanso makolo amene mukufuna kudziwa chimene mwana wanu ayenera kumachita kusukulu. Muwatsate motsatana, chifukwa gawo lililonse limatsamira pa linzake.

Gawo 1: Yambani ndi zala, kope lidikire

Mwana wa zaka 6 amene sanapiteko kumkombaphala amabwera ndi miyendo yolimba koma zala zosazolowera ntchito yaing'ono. Mukamupatsa pensulo tsiku loyamba, amaifumbata ngati mpini, amadinikiza mpaka pepala kubowoka, ndipo pakapita mphindi zisanu dzanja lawawa. Masabata awiri kapena atatu oyamba muwapereke kuntchito yofewetsa zala.

Zipangizo zake sizigulidwa. Ana aumbe ng'ombe ndi timiphika tadongo. Atole nthanga kapena timiyala ndi zala ziwiri n'kumaponya m'chitini. Atunge zitsekerero za mabotolo zobowola pachingwe, ang'ambe nyuzipepala yakale motsata mzere, atong'ole chimanga, asewere phada. Izi ndi zimene kukoleji tinkazitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Kholo lina lidzabwera kudzadandaula kuti mwana akungosewera ndi matope pomwe linagula kope. Lilandireni bwino, mulionetse momwe zala zotola nthanga zimagwirira chimodzimodzi ndi zala zogwira pensulo. Ambiri akaona ndi maso amamvetsa.

Gawo 2: Kakhalidwe ndi kagwiridwe ka pensulo

Apa musathamange, chifukwa m'mera mpoyamba. Mwana akazolowera kugwira pensulo molakwika m'teremu yoyamba, mudzavutika naye mpaka Sitandade 4.

Pensulo igwidwe ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, itatsamira pa chala chapakati. Zala zikhale pamwamba pang'ono pa pamene pasongoledwa, osati kunsonga kwenikweni. Njira yosavuta ndi iyi: ikani pensulo pansi nsonga yake italoza kwa mwanayo, aitsine ndi zala ziwiri pafupi ndi nsonga, kenako inu muitembenuze igwere pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ngati zala ziwiri zotsalazo zikungotambasuka, mufumbatitseni kamwala kapena nyemba pamene akulemba.

Pensulo yaifupi imagwirika bwino m'dzanja laling'ono kusiyana ndi yatsopano yaitali. Dulani imodzi pakati, ana awiri apeza cholembera. Bolopeni ayi, nthawi yake sinakwane. Kusongola muzichita inu kapena ndi chosongolera, chifukwa lezala m'thumba la mwana wa zaka 6 ndi ngozi, makamaka akamabwerekana.

Kumene kuli madesiki, mapazi agunde pansi, msana uwongoke, dzanja losalemba ligwire kope. Kumene ana amakhala pansi, musalole kuti kope lizilendewera pabondo. Pemphani makatoni olimba kugolosale, muwadule kukula ngati kope, mwana aliyense akhale ndi potsamiritsa. Ena amalemba bwino atagona chafufumimba, kope lili pasimenti, ndipo kwa mphindi zochepa palibe cholakwika.

Za mwana wamanzere ndinene mosabisa: musiyeni alembe ndi dzanja lakelo. Ndikudziwa kuti kwathu timaphunzitsa mwana kudya ndi kulandira zinthu ndi dzanja lamanja, ndipo agogo ena amaona ngati kulemba ndi lamanzere ndi mwano. Kulemba si kulandira mphatso kwa akulu. Mwana wokakamizidwa kusintha dzanja amalemba mochedwa, amatopa msanga, ndipo ena amadana nako kulembako. Mukhazikeni kumapeto kwa desiki mbali ya kumanzere kuti zigongono zisamagundane ndi mnzake, kope alipendeketsere kumanja, ndipo agwire pensulo m'mwamba pang'ono kuti aziona chimene walemba.

Gawo 3: Zitchetche

Lembo lililonse limapangidwa ndi timizere tochepa: woima, wogona, wopendekeka, wozungulira ndi wokhota ngati mbedza. Zitchetche ndi kumene mwana amaphunzirira timizereti asanadziwe kuti ndi malembo. Tulukani nawo panja, aliyense asalaze mchenga patsogolo pake ndi chikhatho. Ajambule mvula ikugwa, kuchokera kumwamba kutsika pansi. Ajambule mano a sowo, mafunde a panyanja, mazira a nkhuku ali mumzere, mapiri otsatizana.

Pali zinthu ziwiri zoti muziyang'anitsitsa. Choyamba, chitchetche chilichonse chiyambire kumanzere kupita kumanja. Mwana sabadwa akudziwa zimenezi, ndipo m'madera amene ana amapitanso kumadrasa, kumene Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja, muyenera kuzinena mobwerezabwereza kuti kuno tiyambira uku. Chachiwiri, mazira aja azungulire kuyambira pamwamba kulowera kumanzere. Kuzungulira kumeneku ndi kumene kudzabale o, a, d ndi g.

Gawo 4: Lembo limodzi, njira zinayi

Ambiri a ife tinakula tikuimba a e i o u, kenako ba be bi bo bu, mpaka kumaliza alifabeti. Masiku ano, makamaka chiyambireni National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016, malembo saphunzitsidwa motsata alifabeti. Aphunzitsi a makalasi aang'ono amaudziwa mndandanda wa anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Nzeru yake ndi yakuti awa ndi malembo opezeka kawirikawiri m'Chichewa, choncho mwana akangodziwa awiri oyamba atha kale kulemba mawu enieni, ana. Akawonjezera i ndi k walemba ina, kana, ika. Pofika pa o ali ndi amama, atate, ine, moto, mutu. Tsatani mndandanda wa m'buku la mphunzitsi, musadumphe.

Lembo lililonse lidutse m'njira zinayi izi, tsiku lomwelo kapena masiku awiri.

Yambani ndi khutu. Tchulani liwu la lembolo, ana atchule mawu oyamba ndi liwu limenelo. Samalani kwambiri apa: pa phunziro la Chichewa tchulani liwu, osati dzina la lembo la m'Chingerezi. Nenani "mmm", osati "emu". Komanso musamatire a kumapeto kwa lembo lopanda liwu. Mukaphunzitsa k ngati "ka", mwana adzalemba kna pofuna kulemba kana, ndipo m'mutu mwake adzakhala atalondola, poti munamuuza nokha kuti k ndi ka. Malembo a liwu, a e i o u, ndiwo amasokoneza kwambiri, chifukwa dzina la e m'Chingerezi limamveka ngati i wa Chichewa. Mwana amene amaphunzira zilankhulo ziwirizi m'mawa umodzi ayenera kuuzidwa momveka kuti tsopano tili m'Chichewa.

Kachiwiri, lembani m'malere. Afulatireni ana, mukweze dzanja, mulembe lembo lalikulu m'mwamba mukuyang'ana kumene iwo akuyang'ana. Mukawayang'ana kumaso, iwo amaona lembolo chotembenuza, ndipo mudzadabwa kuti kalasi yonse ikulemba a woyang'ana kumbuyo. Pamene dzanja likuyenda, pakamwa pazinena njira yake. Pa a timati, "zungulira, kwera, tsika." Pa n, "tsika, kwera, khota, tsika." Pa i, "tsika, dontho." Pa u, "tsika, khota, kwera, tsika." Pa t, "tsika, khota, dula." Mawuwa musamawasinthe. Amene mwanena Lolemba akhale omwewo Lachisanu, ndipo ngati Sitandade 1 ili ndi aphunzitsi awiri, gwirizanani. Muyambe inu nokha ana akuonerera, kenako muchitire limodzi, pomaliza achite okha inu mukuyang'ana manja awo. M'kalasi ya ana 100, iyi ndi nthawi yokhayo imene mungaone dzanja la aliyense pa kamphindi kamodzi. Dzanja limene likuzungulira mosemphana ndi anzake limaonekera patali.

Kachitatu, pansi kapena pasileti. Alembe ndi chala pamchenga, ndi kamtengo padothi, ndi chala pamsana pa mnzake kuti mnzakeyo alote lembo. Masileti akasowa, katoni yopakidwa penti yakuda imagwira ntchito, ndipo choko chikatha, chinangwa chouma chimalemba. Ubwino wa mchenga ndi sileti ndi woti cholakwa chimafufutika ndi chikhatho, mwana saopa kuyesa. Lembo likhale lalikulu ngati dzanja lake, lichepe pang'onopang'ono.

Kachinayi ndiye kope. Mzere umodzi kapena iwiri ya lembo lolembedwa mosamala ndi yokwanira. Tsamba lonse la a a a limangotopetsa dzanja, ndipo mukayang'ana mupeza kuti a wa kumapeto ndi woipa kuposa woyamba. Chimene mukuyang'ana si kukongola kokha. Onani pamene pensulo yayambira. Mwana atha kulemba o wooneka bwino atayambira pansi, kapena d atayamba ndi ndodo n'kumata mimba pambuyo pake. Pakope sizioneka, koma akadzafika polemba mofulumira m'makalasi apamwamba, malembo otere amagwa.

Yambani ndi malembo aang'ono, popeza ndiwo amadzaza tsamba lililonse limene mwana adzawerenge. Lembo lalikulu lizibwera ngati mnzake wa laling'onolo, ndi ntchito yake yodziwika: poyamba dzina ndi poyamba chiganizo.

Gawo 5: Dzina lake

Ili lokha musadikire mndandanda. M'sabata zoyambirira lemberani mwana aliyense dzina lake pakakatoni, lembo loyamba lalikulu, enawo aang'ono. Ndi ntchito ya madzulo awiri kapena atatu, koma imabweza. M'mawa uliwonse apeze khadi lake pamulu, alitsate ndi chala, alikopere, ndipo tsiku lina mulitembenuze alembe osaona. Chikondi kapena Mphatso adzakumana ndi ch ndi mph anzake asanafike, ndipo palibe vuto. Funsani makolo kalembedwe kenikeni ka dzinalo kuti lifanane ndi la m'kaundula, chifukwa dzina losinthasintha limadzavutitsa pa nthawi ya mayeso a MANEB mu Sitandade 8.

Gawo 6: Maphatikizo, mawu ndi lembetso

Apa ndi pamene kukopera kumasiyana ndi kulemba, ndipo ngati pali gawo limodzi loti musaliphonye ndi ili.

Chichewa chili ndi mwayi umene Chingerezi chilibe. Malembo a liwu ndi asanu okha, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Mawu amagawika bwino m'maphatikizo othera ndi lembo la liwu: a-ta-te, ku-mu-dzi. Mwana amene wagwira chinsinsi chimenechi atha kulemba mawu amene sanawaonepo chibadwire. Ntchito yanu ndi kumupatsa chinsinsicho.

Dulani timakadi ta maphatikizo: na, ni, nu, ka, ki, ku, ma, mi, mu. Ana m'magulu aziphatikiza kuti apange mawu, awerenge, kenako alembe. Zikatero, tsiku lililonse patulani mphindi khumi za lembetso. Kachitidwe kake ndi aka. Fufutani bolodi kapena phimbani tchati. Tchulani mawu amodzi momveka, monga kumana. Aikeni m'chiganizo kuti tanthauzo lidziwike: "Ndikufuna kukumana ndi amalume." Tchulaninso mawuwo. Ana awatchule, awombe m'manja pa phatikizo lililonse, ku-ma-na, katatu. Afunseni kuti maphatikizo ndi angati, aonetse ndi zala. Tsopano alembe pasileti. Mukawerenga mpaka asanu, onse akweze masileti m'mwamba. Mukatero mwaona kalasi yonse. Pomaliza lembani mawuwo pabolodi pang'onopang'ono mukutchula, aliyense akonze yekha.

Mawu atatu kapena anayi patsiku akwana. Musalembetse mawu okhala ndi lembo limene simunaphunzitse. Ndipo lembetso lisakhale mayeso ochititsa mantha okhala ndi malikisi. Likhale chizolowezi ngati kusesa pabwalo m'mawa.

Mukayang'ana masileti aja, zolakwa zimakuuzani chochita mawa. Amene walemba mt m'malo mwa moto akumva malembo opanda liwu koma sakumva a liwu, ndiye mukokereni mawuwo, "mooo-tooo". Amene walemba to yekha wagwira phatikizo lomaliza, loyamba lamuthawa, ndiye awombenso m'manja. Amene wajambula malembo osagwirizana n'komwe ndi mawuwo sanalumikize liwu ndi lembo, ndipo ayenera kubwerera ku gawo 4 m'kagulu kakang'ono. Amene sanalembe kanthu koma akuyang'ana sileti ya mnzake, musamukalipire. Ameneyo ndiye amene kukopera kukanamubisa chaka chonse.

Kumbukiraninso kuti si mwana aliyense amene amayankhula Chichewa kunyumba. Ku Mangochi ambiri amabwera ndi Chiyao, ku Mzimba ndi Chitumbuka, ku Nsanje ndi Chisena. Mwana sangalembe mawu amene sakuwamva tanthauzo. Muonetseni chinthucho kapena chithunzi chake, alitchule m'chiyankhulo chake, kenako m'Chichewa, ndiye alembe.

Maphatikizo a malembo awiri akakhazikika, lowani m'a malembo atatu ndi anayi: mba, nda, nga, kwa, tsa, dza, kenako nkha, mpha, ntha, ndi ena a malembo asanu onga ntcha ndi mphwa. Apa liwiro limatsika, ndipo ndi bwino kuti litsike. Lembo limene ana amalitaya kwambiri ndi h. Aikitseni chikhatho patsogolo pa kamwa, atchule pala kenako phala, kola kenako khola. Pa mawu achiwiriwo amva kampweya kakuwomba chikhatho. Auzeni kuti kampweya kameneko ndiye h, ndipo akakasiya, phala la m'kapu lasanduka kupala moto. Chimodzimodzi ndi kankhodolero ka ng': ng'oma yoimba ndi ngoma nyama ya m'tchire zimasiyana ndi kachizindikiro kameneko basi. Ana amaseka akamva zitsanzo zotere, ndipo chimene aseka nacho saiwala.

Gawo 7: Kukhazika malembo pamzere

Jambulani mizere pabolodi yofanana ndi ya m'kope, ndipo inu muzilemba pamizerepo nthawi zonse. Mwana amatengera dzanja la mphunzitsi wake, choncho zolemba zanu za pabolodi zikhale zosalumikiza, zazikulu, zofanana tsiku ndi tsiku. Agawireni malembo m'mabanja atatu: aafupi okhala pamzere monga a, e, m, n, o, aatali okweza mutu monga b, d, h, k, l, ndi amichira yotsikira pansi pa mzere monga g, j, p, y. Pakati pa mawu aziika chala chimodzi.

Kusokoneza b ndi d, kapena kulemba s chotembenuza, n'kofala pa msinkhu uwu ndipo kwa ambiri kumatha. Mankhwala ake ndi poyambira: b amayamba ndi ndodo kuchokera kumwamba, d amayamba ndi mimba ngati a. Musawaphunzitse sabata imodzi. Ngati mwana akupitirizabe kutembenuza malembo ambiri mpaka kumapeto kwa Sitandade 2, kapena amatsinzina ndi kuyandikitsa nkhope pakope, kambiranani ndi makolo kuti akamuyeze maso kuchipatala, ndipo dziwitsani mphunzitsi wamkulu kuti aone ngati mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera wa m'zoni yanu angathandize. Mwana wachialubino nthawi zambiri saona bwino patali. Mukhazikeni kutsogolo, kumene kuwala kwa dzuwa sikumuthobwa m'maso, mumulembere malembo akuluakulu papepala lakelake, ndipo mizere ya m'kope lake muidetse ndi bolopeni yakuda.

Gawo 8: Chiganizo chake cha iye mwini

Musadikire kuti ana adziwe malembo onse musanawalole kunena zawo papepala. Chakumapeto kwa teremu yachiwiri, kapena poyamba pa yachitatu, yambani motere. Kambiranani nkhani imene onse akuidziwa: mvula ya dzulo, tsiku la msika, mbuzi imene inalowa m'kalasi. Mwana mmodzi anene chiganizo, inu muchilembe pabolodi mukuganiza mokweza: "Ndiyamba ndi lembo lalikulu. Mawu atha, ndisiya mpata. Chiganizo chatha, ndiika mpumiro." Chiwerengeni limodzi. Kenako chifufuteni, aliyense ajambule chithunzi chake ndi kulemba chiganizo chake pansi pa chithunzicho. Ofooka apatseni poyambira, monga "Ine ndimakonda" kapena "Kwathu kuli", amalize okha.

Chaka china mnyamata wina wachete, amene ndinkamuyesa wotsalira, anandibweretsera kope atajambula chinyama cha miyendo inayi ndi tiwiri ting'onoting'ono pambali. Pansi pake analemba kuti mbuzi yatu yabeleka. Munalibe lembo lalikulu, munalibe mpumiro, h anasowa, ndipo l anakhala pamalo pa r. Koma mawu amenewo sanali pabolodi, sanali m'buku, sanali pasileti ya mnzake. Anachokera kukhola la kwawo, n'kudutsa m'khutu mwake, n'kutsikira kudzanja. Ndinamufunsa kuti, "Yabereka angati, mwanawe?" Anati, "Awiri, madamu." Ndinamuuza kuti alembenso zimenezo, ndipo analemba. Za h tinakonza tsiku lotsatira ndi chikhatho pakamwa. Za r ndinazisunga mpaka nthawi yake.

Ndikanadzaza tsamba lija ndi inki yofiira, sindikukhulupirira kuti akanabweranso ndi nkhani ina. Poyamba yankhani chimene mwana wanena, kenako konzani chinthu chimodzi.

Malamulo ena a kalembedwe amayenera Sitandade 2 ndi 3, ziganizo zikayamba kutalika. Lembo la r limabwera pambuyo pa e ndi i, monga lero, mbiri, bereka, pomwe l amakhala poyamba mawu ndi pambuyo pa a, o, u, monga lemba, bala, sukulu. Koma l woyamba tsinde la mawu sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere i, n'chifukwa chake timalemba ndilembe, chilimwe, milomo. Mneni amalembedwa pamodzi: ndikupita, osati ndi ku pita. Timalemba kumudzi ndi kumsika mophatikiza, koma ku Zomba ndi ku Lilongwe motalikitsa, poti ndi mayina a malo. Mfunsiro ndi mpatuliro zibwere mpumiro ukakhazikika. Kuchokera pa chiganizo chimodzi, mwana apite pa ziwiri, kenako zitatu zotsatana bwino za nkhani imodzi. Imeneyo ndiyo ndime, ndipo chimangirizo ndi kalata za m'makalasi apamwamba zimamera pamenepo.

Gawo 9: Kuchonga makope 100

Simungathe kuchonga onse mosamala tsiku lililonse, ndipo mzere wautali wa ana odikira patebulo lanu umangodya nthawi yophunzira. Gawani kalasi m'magulu asanu. Tsiku lililonse gulu limodzi ndilo muliyang'anitsitse: yendani pakati pawo akulemba, gwadani pambali pa mwana, muone dzanja likuyenda. Pofika Lachisanu mwaona aliyense. Cholakwa mukachipeza, lembani lembo lolondola pambali mwana akuona, alibwereze katatu pomwepo. Chizindikiro chofiira chopanda chitsanzo sichimuuza mwana wa zaka 6 chilichonse.

Khalani ndi kope lanu la mayina, momwe muzilemba mwachidule amene akugwira pensulo molakwika, amene sakumva malembo a liwu, amene wayamba ziganizo. Otsalira muzikhala nawo mphindi khumi ena akamajambula, kapena akaweruka ngati makolo avomera. Kumenya zala ndi lula chifukwa cha zolemba zoipa kulekeke. Unduna wa Zamaphunziro unaletsa chilango chomenya ana, komanso dzanja lonjenjemera ndi mantha silingalembe mowongoka. Phunziro la kulemba liikeni m'mawa, ndipo kumene ana amalandira phala, likhale atamwa kale.

Gawo 10: Kunyumba

Pamsonkhano wa makolo musangopempha makope ndi mapensulo. Auzeni chochita, ngakhale amene sanapite kusukulu. Madzulo mwana asalaze pabwalo, alembe lembo la tsikulo ndi kamtengo, awauze amayi ake kuti ili ndi liti. Awerenge malembo a papaketi ya shuga kapena pathumba la feteleza. Akatumidwa kugolosale, alembe yekha papepala mchere, sopo, machesi. Mkulu wake wa Sitandade 6 amuthandize pomutchulira mawu, koma asamulembere homuweki, ndipo asamugwire dzanja n'kumaliyendetsa.

Sabata yomaliza ya teremu iliyonse, patsani mwana aliyense pepala loyera, bolodi litafufutidwa ndipo matchati ataphimbidwa. Alembe dzina lake, malembo asanu amene mutchule, mawu asanu a lembetso, ndi chiganizo chimodzi cha chithunzi chimene mwawaonetsa. Lembani deti pa pepala lililonse, musunge mapepalawo m'katoni motsata mayina. Pakutha pa chaka mwana aliyense adzakhala ndi mapepala atatu. Amangeni pamodzi, muonetse kholo lake, kenako muwapereke m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 2 sukulu isanatsekere.